Mwala wa Sulabha

Tsiku limene anatentha mtembo wa Sulabha m'mphepete mwa mtsinje wa Krishna, mwamuna wake Damu anatola mwala woboolera mtsuko wa madzi monga mwa mwambo. Unali mwala wamba, wakuda, waukulu ngati chibakera. Wansembe anaukulunga m'kansalu n'kumupatsa.

"Muusunge bwino," anatero wansembeyo. "Masiku khumi awa mzimu wa mkazi wanu ukhala m'menemu. Muziuthira madzi ndi chitowe m'mawa uliwonse, apo ayi amva ludzu panjira."

Damu ankagwira ntchito pachigayo, ndipo anthu a m'tauni yawo ya Wai ankati nzeru zonse za m'banjamo zinathera mwa mkulu wake, Trimbak, mphunzitsi wa malemba amene ankakhala naye mpanda umodzi. Trimbak malemba ankawadziwadi, nsanje pambali. Koma ndi uja munthu woti ukamupatsa moni amayamba wakukonza kaye katchulidwe.

Tsiku lachitatu khonde linadzaza ndi odzapepesa. Damu anali pakona, atafumbata kansalu kaja pachifuwa.

"Ukufundatu," anatero, osauza munthu aliyense. "Alimodi. Ndikauponya mumtsinje tsiku lakhumi, nawonso mwalawu upeza moksha, ufulu wosabadwanso, umasuka limodzi naye. Wandisungira bwino mkazi wanga."

"Iwe Damu, ufa wa kuchigayo wakulowa m'mutu eti?" anafunsa Trimbak. "Chomasulidwa ndi chimene chinamangidwa. Mzimu umazindikira, umalakalaka, n'chifukwa chake umangobadwa n'kufa, n'kubadwanso. Mwala sudziwa n'komwe kuti ndi mwala. Uumasula ku chiyani?"

Damu anaganiza kaye, kenako anafunsa ndi mtima woyera ndithu.

"Nanga achimwene, kamwala kakuda kaja mumakasambitsa mkaka m'mawa uliwonse, n'kumakapempha kuti kakumasuleni? Kakwanitsa kumasula inu, koma kokha kakanika?"

Khonde lonse linagwa nacho chiseko, pamaliro pomwepo. Yankho Trimbak anali nalo, lalitali, la mavesi ake omwe, loti m'kamwala kake mumakhala Mulungu osati mzimu wa munthu. Koma wina ankamva ngati? Wophunzira wake wina anachita kudziluma chala kuti asaseke, ndipo Trimbak anamuona. Anangosunga chakukhosi.

Masiku otsalawo Damu sanaphonye n'limodzi lomwe. Ankasamba, kuthira madzi ndi chitowe pakansaluko, n'kukhala pansi kucheza nako. Ankamuuza Sulabha kuti mphaka wakana kudya, kuti mpunga akuupsereza, kuti chitseko cha kuchimbudzi chayamba kumenyeka ndi mphepo tsiku lonse. "Ukanakhalapo ukanandikalipira kale," ankatero akumwetulira. Chisoni chinalipo, koma chinali chopiririka, pakuti ankadziwa kuti mkazi wake akumwa.

Tsiku lakhumi amuna onse anatsikira kumtsinje. Atameta Damu, wansembe anayala timibulu ta mpunga, anthu n'kuima patali kudikira akhwangwala. Akazengereza, ndiye kuti womwalirayo ali ndi dandaulo. Koma tsikulo anatera nthawi yomweyo, n'kuyamba kulimbirana.

"Wapita ndi mtendere," anatero wansembe.

Damu analira ndi chimwemwe. Anagunditsa kansalu kaja pamphumi, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo.

"Pitani bwino nonse awiri," anatero, n'kuponya pakuya.

Akutuluka, anapeza Trimbak ataima pamiyala ya m'mbali, dzanja lili m'thumba, ophunzira ake ali pambuyo.

"Mphwanga, mwala uja unali wofunda mpaka lero?"

"Kwambiri, achimwene."

"Ndipo wamasuka?"

"Ndikhulupirira choncho."

"Zikomo. Mwamva nonse?" Trimbak anatembenukira ophunzirawo ngati ali m'kalasi. "Lero kumwamba kwalowa mwala wotchingira chitseko cha kuchimbudzi chathu. Masiku asanu ndi awiri wakhala ukumwa madzi ndi chitowe, n'kumauzidwa nkhani za mphaka."

Anatulutsa dzanja. Pachikhatho panali mwala wakuda, waukulu ngati chibakera, mbali ina uli ndi phulusa.

Damu anafuna kunena kuti ndi bodza, koma anakumbukira chitseko chija. Chinayamba kumenyeka tsiku lachinayi. Ndiye kuti Sulabha anamwa masiku atatu okha. Masiku ena onsewo anali m'thumba la mlamu wake, pakhosi pali gwa, kwinaku mwamuna wake akuseka ndi mwala wa kuchimbudzi.

Palibe anaseka ulendo uno. Wansembe anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Bambo Trimbak, izi ndiye ayi..."

"Ayi chiyani? Akhwangwala adya, inu nomwe mwati wapita ndi mtendere. Mwala sunasinthe kanthu. Ndimafuna aone yekha."

Damu anagwada pamiyala pomwepo, bambo wa imvi, mutu uli mpala, n'kutambasula manja onse awiri.

"Achimwene, mwapambana. Ndine chitsiru, ndavomera pamaso pa anthu. Ndipatseni ndimumwetseko kamodzi kokha, madzi si awa?"

"Ukuonatu, sunamvebe," anatero Trimbak mofatsa. "Ukuti umwetse ndani? Uwu ndi mwala basi."

Anauponya cham'mbali, osayang'anako n'komwe, monga munthu atayira khoko la nthochi. Unagwera pakati pa miyala ya m'mphepete mwa mtsinje, miyala zikwizikwi, yonse yakuda, yonse ngati chibakera. Kunangomveka kuti kha.

Anthu anayamba kukwera masitepe mmodzimmodzi, pakuti kunyumba chakudya chinali chitapsa. Damu anatsala akukwawa. Ankatola mwala, kuugunditsa patsaya, kuuika pambali, kutola wina. Mumtima ankati wa Sulabha audziwa, pakuti ndi wofunda.

Munali m'mwezi wa Meyi, dzuwa lili paliwombo. Mwala uliwonse umene anaugwira unali wotentha.