Miyala Yogwira Phazi

Kafunsefunse anagwada pakati pa balaza, tsache lili pambali, n'kulowetsa chikhadabo pansi pa kakhoko ka mwala kamene kanali katatukuka. Kanasupuka mosavuta ngati khoko la dzira lowiritsa. Anakayang'ana cham'mbali pa kuwala kwa windo, kenako anakanunkhiza.

"Mlamu, tabwerani muone. Tailosi lina layambanso."

Mlamu wakeyo, mwamuna wa mng'ono wake, anali mmisiri womanga nyumba, ndipo ndiye anayala matailosi amwalawo ndi manja ake. Anatulukira kukhitchini atagwira kapu ya tiyi.

"Mukununkhiza mwala, alamu? Mukufuna ukuuzeni dzina lake?"

"Ndikufuna undiuze chifukwa chake ili likusupuka pomwe linzake loyandikana nalo lili bwinobwino. Simenti ndi yomweyo, manja ndi omwewo."

Dzina loti Kafunsefunse anamupatsa ndi bambo ake ali wamng'ono, chifukwa sankalola chinthu kumudutsa asanachifunse. Tsopano bambowo anali kuchipatala atadwala sitiroko. Anachira ndithu, koma phazi lawo lakumanzere silinkanyamuka. Ankalikwakwaza pansi akamayenda. Ankayembekezeka kutuluka kumapeto kwa sabata imeneyo, ndipo adokotala anali atachenjezeratu kalekale kuti asadzagwe ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake Kafunsefunse anachotsa kapeti yakale yopindika m'mbali n'kugula matailosi amwala, okhakhala pang'ono kuti asamaterere. Koma asanathe n'komwe masabata angapo, ena anayamba kusupuka pamwamba, n'kumasiya timilomo takuthwa.

Tsiku lomwelo masana anapita onse awiri kusitolo ya miyala. Mwini wake anali bambo wonenepa, wadazi losalala, moti aliyense mumsewumo ankangowatcha a Nsangalabwi. Anamvetsera akupukuta fumbi pa mwala wachitsanzo umene unali pa kauntala.

"Mayi, mwala sunama," anatero. "Ndagulitsa miyala kuyambira tsitsi lili m'mutu. Mwala ukasupuka, funsani amene anauyala. Mwina anachulutsa madzi, mwina anaumenya ndi nyundo ngati akupha njoka."

Mlamu anavula chipewa n'kuchivalanso. "Achikulire, ine ndayala matailosi m'nyumba zosanja. Musandiyese mwana wophunzira dzulo."

"Amene ali ndi chilonda ndiye amamva ntchentche, achimwene. Ine sindinatchule munthu."

"Pepani," Kafunsefunse analowerera, "miyalayi imachokera malo amodzi?"

"Phiri limodzi."

"Nanga phirilo ndi lolimba chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi?"

A Nsangalabwi anamuyang'ana podutsa pamwamba pa magalasi awo. "Mayi, mwabwera kudzadandaula kapena kudzalemba mayeso?"

"Safunsa anadya phula, bambo."

"Ndiye funsani alamu anuwo. Ine ndili ndi makasitomala."

Pobwerera, atafika pageti, mlamu anaima n'kunena motsitsa mawu, "Ngati mukuganiza kuti ndine ndinalakwitsa, nenani. Apongozi akadzagwa pamwala woyala ine, ndidzayenda bwanji m'banja muno?"

"Sindikuganiza kalikonse, mlamu. Ndikufuna kudziwa basi."

Kuseri kwa nyumba kunali matailosi otsala, ounjikidwa pafupi ndi mpopi, amene sanakhudzepo simenti kapena nyundo. Kafunsefunse anakhala pa chidebe chozondotsa n'kumawatembenuza limodzilimodzi. Onse anali amtundu umodzi, otuwa mokongola. Anali pafupi kuwasiya pamene anaona kuti madzi odontha pampopi ankachita zosiyana: pa lina ankakhala ngati mikanda, pa lina ankalowa n'kusiya banga lakuda. Anathamangira m'nyumba kukatenga beseni lochapira, nalidzaza madzi, n'kumizamo matailosi awiri.

Limodzi linangogona pansi phee. Linalo linayamba kutulutsa timathovu ting'onoting'ono m'mbali mwake, tambirimbiri, tikukwera pamzere.

"Mlamu! Mwalawu ukupuma!"

M'mawa mwake anaimbira foni kusitolo. Sanatchule zodandaula. Anangoti, "Bambo, munanena kuti mwala sunama. Wanuwu ukuyankhula muno m'beseni, koma ine sindikumva chinenero chake. Bwerani mudzatanthauzire."

"Ukuyankhula bwanji?" anafunsa a Nsangalabwi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwerani mudzaone nokha."

Anabwera dzuwa lisanakwere kwenikweni, atakwera njinga yamoto imene inkalira ngati ikudandaula kulemera kwawo. Kafunsefunse anamiza matailosi ena awiri ouma iwo akuona. A Nsangalabwi anawerama, manja ali m'mawondo, n'kuyang'anitsitsa timathovuto kwa nthawi yaitali. Anatulutsa lothovukalo, nalikanda ndi kiyi wa njinga. Linasiya ufa wonyowa pa kiyiyo.

"Hmm," anatero. Kenako anaweramuka n'kukonza lamba. "Mwala uliwonse umamwako madzi, mayi. Ngakhale inu mumamwa. Zosupukazo ndi zapamwamba chabe. Sesani, pakani polishi, pakatha mwezi zisiya zokha."

"Pakatha mwezi?"

"Nanga mukuthamangira kuti? Nyumba sithawa."

Kafunsefunse analowa kuchipinda cha bambo ake n'kutuluka ndi nsapato imodzi yansalu, yakumanzere, yoperepeseka kutsogolo ndi m'mbali. Anaiika pakhomo la balaza.

"Valani iyi, bambo."

"Ine? Ndili ndi zanga."

"Ndi ya bambo anga. Akutuluka m'chipatala Loweruka. Phazi ili salinyamula, amalikoka chonchi." Anawasonyeza, phewa litapendekeka, mwendo ukutsalira m'mbuyo. "Ndakhala ndikuyeserera m'mawa uliwonse kuti ndione pamene pangawakole. Yesani inu, kuchokera pakhomo mpaka pampando uwo. Musayang'ane pansi, iwo khosi silipinda bwino."

Mlamu anatembenukira kukhoma kubisa kuseka. A Nsangalabwi anang'ung'udza, koma chidwi chinawaposa. Anavula nsapato yawo yachikopa, sokosi yobooka pachala ikuonekera, n'kuvala yansaluyo.

"Chala chatulukira kudzaonerera," anatero mlamu.

"Inu khalani chete, mlandu wanu sunathe."

Anayamba kuyenda. Kwee. Kwee. Anali akumwetulira ngati munthu wosewera ndi ana. Atafika pakati pa balaza, nsonga ya nsapato inakola kamlomo ka mwala. Thupi lonse linapita patsogolo phazi litatsala. Magalasi anagwa, ndipo akanagunda chipumi pangodya ya tebulo mlamu akanapanda kuwawakha pachifuwa.

Palibe anaseka. A Nsangalabwi anakhala pansi pomwepo, akupuma mwamphamvu, n'kuyang'ana ngodya ya tebuloyo, kenako nsapato imene inali kuphazi lawo.

"Bambo anuwo ndi a msinkhu wanji?"

"Ndi okalamba kuposa inu. Ndipo dzanja lakumanzere silingagwire kanthu."

"Ndipatseni supuni," anatero a Nsangalabwi. "Yachitsulo, yaikulu."

Anayamba kukwawa ndi mawondo, akugogoda tailosi lililonse pakati ndi m'ngodya, khutu litapendekera pansi. Kafunsefunse anakwawa pambali pawo.

"Mukumvera chiyani?"

"Tamverani ili. Ngwee! Likulira ngati belu. Tsono ili. Phu, phu. Ngati mukugogoda dzungu."

"Ndiye kuti pansi palibe simenti yokwanira?" Funsolo analifunsa mosayang'ana mlamu wake.

"Ayi. Lopanda simenti limalira ngati ng'oma, limamveka mphako. Ili ladzaza bwinobwino pansi. Kufooka kuli m'kati mwa mwala." Anatukula mutu. "Achimwene, mwayala bwino. Mizere yanu ndi yowongoka kuposa ya mmisiri wanga."

"Bwerezani, sindinamve," anatero mlamu, dzanja lili kukhutu. "Khutu ili lili ndi chilonda chija, ntchentche zachuluka."

"Musandikwere pamutu chifukwa palibe tsitsi logwira."

"Koma chimachititsa n'chiyani?" Kafunsefunse anafunsanso. "Phiri limodzi, mtundu umodzi."

A Nsangalabwi anatola kakhoko n'kukaphwanya ndi zala. Anafotokoza kuti mwala woterewu umagona m'phiri mosanjikizana ngati masamba a buku. Wapamwamba, umene wakhala ukumenyedwa ndi mvula ndi dzuwa, umafumbwa m'kati ngakhale nkhope yake ikhale yokongola. Okumba amayenera kuutaya kumbali n'kudula wapansi wokha. Ulendo uno wina kumeneko anasakaniza.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero mlamu.

"M'kati muli nyerere, eya. Dzulo munandifunsa za phiri lija, mayi, ndipo funso lanu linandikhala pakhosi tsiku lonse." Anapukuta dazi ndi mpango. "Ndiyenera kukagogoda mulu wonse wotsala kusitolo usanalowe m'nyumba ya wina."

Kafunsefunse anatenga choko chimene mlamu ankalembera miyeso, n'kumaika mtanda pa tailosi lililonse lolira ngati dzungu. Pomaliza, balaza linali ndi mitanda paliponse.

"Awa onse achoke," anatero. "Atsopano abwera liti?"

Apa a Nsangalabwi anakanda kumbuyo kwa khutu. Galimoto yochokera kokumba miyala sinkayembekezeka mpaka mwezi wamawa, ndipo mulu wotsalawo sakanaukhulupiriranso. Amene ankawadziwa bwino anali matailosi akuda, a phiri lina, olimba ngati chitsulo. Koma anali ochepa, osakwana ngakhale theka la balaza.

"Ndiye tiwabwezere kapeti ija?" anafunsa mlamu.

"Ayi, ija ndiye msampha weniweni." Kafunsefunse anaima pakhomo la chipinda cha bambo ake, choko chili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku. "Kodi Ababa amayenda balaza lonse? Akadzuka amapita kuti?"

"Kubafa," anatero mlamu.

Kafunsefunse anajambula mizere iwiri kuchokera pakhomopo mpaka kubafa.

"Kenako pampando wawo," anatero akujambulabe. "Kenako patebulo."

"Mwaiwala windo, alamu. Madzulo amaima apo n'kumaweruza aliyense wodutsa. Uyu thalauza lafupika, uyu akuyenda ngati wakuba."

Anawonjezera nthambi yopita pawindo, ndi ina yopita kukhomo lakunja. A Nsangalabwi anayenda m'mizeremo akuyeza ndi mapazi, nsapato yansalu ikadali kuphazi limodzi.

"Akwana," anatero. "Akuda m'njira monsemu, ndibweretsa lero lomwe. Kwinaku chotsani oolawo, mutsirepo simenti yosalala mofanana ndi anzawo, galimoto ikadzabwera ndidzamalizitsa ndi miyala yogogoda ndekha. Koma sizioneka bwino, mayi. Balaza likhala ngati mbidzi."

"Mbidzi siigwetsa munthu."

Anagwira ntchito masiku otsalawo, mlamu akugumula, mmisiri wa kusitolo akuthandiza kuyala. Tailosi lakuda lililonse lisanagone pansi, Kafunsefunse ankaligogoda ndi supuni, ndipo lina lokayikitsa ankalimiza m'beseni. Pofika Lachisanu njira yakuda inali itauma, yokhotakhota pakati pa miyala yotuwa ndi zigamba za simenti.

Loweruka masana galimoto inaima pageti. Bambo anatsika pang'onopang'ono, ndodo kudzanja lamanja, ana awo aakazi awiri atawagwira uku ndi uku. Pakhomo la balaza anaima n'kuyang'ana njira yakudayo kutsogolo kwawo nthawi yaitali.

"Iwe Kafunsefunse, mwandimangira njanji? Ndine sitima ine?"

"Ingoyendani pakudapo, Ababa."

"Ndisiyeni ndiye. Sitima saigwira m'khwapa."

Ana awowo anawasiya, manja ali chire pafupi ndi msana wawo. Kwee. Ndodo, go. Kwee. Nyumba yonse inamvetsera phazi limenelo. Linadutsa pakati pa balaza, linadutsa pangodya ya tebulo, osakola paliponse. Sanakhotere kumpando. Anatsata nthambi ya pawindo, natsamira pafelemu, n'kusuzumira panja.

"Nanga wadazi waima pageti ndi njinga yamotoyo ndani? Akusuzumira muno ngati wataya mbuzi."

"Ndi amene anatigulitsa miyala, Ababa. Anapempha kuti adzaone ngati mufike bwino."

Bambo anagogoda galasi la windo ndi ndodo, n'kukweza mawu awo olemerawo.

"Ndafika, achimwene! Lowani mumwe tiyi. Koma muyende m'njanji, kwinaku sindinakuyese."