Wotchi Yotsalira Maola Asanu ndi Awiri

Tulo tinamupeza masana dzuwa lili paliwombo, foloko ili m'manja. Mutu unawerama kawiri, kachitatu chipumi chinatsala pang'ono kulowa m'mbale.

"Kamphepo, chakudya chimalowera pakamwa," anatero mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wadzitho woponya chitsulo amene aliyense ankangomutchula kuti Achemwali. "Kapena wayamba kuipempherera mbaleyo?"

Kamphepo anaseka mwaulesi. Linali tsiku lachitatu chifikireni kunyumba yogona ochita masewera, atakwera ndege zitatu motsatizana mpaka mapazi kutupa. Kunatsala masiku awiri kuti athamange mamita 1,500 m'ndime yachipulula, ndipo atatu oyamba okha ndiwo akanapita kufainolo. Zaka zinayi anazithera pokonzekera mpikisano umenewu. Koma miyendo imene kwawo inkauluka, kuno inali ngati yobwereka. Usiku maso ankakhala gwa, masana zikope n'kumalemera ngati zonyowa.

Akochi, mphunzitsi wa timuyo, anabwera ndi kapu yawo ya tiyi, nakhala moyang'anizana naye.

"Nthawi ili bwanji, mwana wanga?"

Kamphepo anasuzumira pamkono. "Faifi koloko."

Wotchi yapakhoma inali pa thwelofu. Achemwali anaika supuni pansi, n'kugwira pakamwa kuti asaseke.

"Paja ndinati chiyani tikukwera ndege?" anafunsa Akochi mofatsa.

"Munati tisinthe mawotchi."

"Nanga yakoyo ndi yaufumu?"

Kamphepo anaphimba wotchiyo ndi dzanja. Inali yakale, yopukusa ndi zala, lamba wake wachikopa atayamba kusweka. Anamupatsa ndi bwenzi lake, mnyamata wokonza mawotchi, amene anaitchera yekha pa tebulo lake lodzaza tizitsulo tating'ono ngati mchenga. Pomuveka anati, ukamaiyang'ana udziwe kuti ine ndikuona nthawi yomweyi. Ndiye Kamphepo akaiyang'ana ankamuonadi: pano akutsekula kanyumba kake, pano wavala kagalasi kadiso limodzi, pano akukangana ndi wogulitsa nsapato woyandikana naye. Ankamva njala pamene bwenzi lakelo likudya, ankamva tulo pamene ilo likugona.

"Thupi ndi nkhalamba," anatero Akochi. "Ndege imathamanga, ilo limabwera wapansi, ola limodzi patsiku. Anzako matupi awo ali m'njira. Lako sunalilole n'komwe kunyamuka. Mpikisano wako ndi wa teni koloko m'mawa. Pa wotchi yakoyo ndi nthawi yanji?"

Kamphepo anawerenga chamumtima. "Fili koloko, kusanache."

"Unathamangapo nthawi imeneyo?"

"Akanathamanga akanakhala wakuba," anatero Achemwali.

Madzulo amenewo Akochi anamuletsa kukhudza bedi. Anamutuma kuti akayende padzuwa, azungulire bwalo loyeserera mpaka diso lizolowere kuwala kwa kuno. Anayenda m'mbali mwa mpanda, kudutsa odumpha amene ankadzoka mafuta m'miyendo, kenako anakhala pa benchi n'kuimba foni.

Kumbuyo kwa mawu a bwenzi lake kunkamveka mawotchi ambirimbiri akugunda mosagwirizana. Kamphepo anafotokoza zonse mothamanga, ngati mwana woulula kuti waswa kapu.

Mnyamatayo anaseka. "Iwe, sunaisinthebe? Inetu wotchi yaikulu yapakhoma ija ndinaipititsa patsogolo tsiku lomwe unanyamuka. Makasitomala akundinena. Dzulo bambo wina anabweza wotchi yake m'thumba, akuti wokonza mawotchi wanji yake yomwe ikunama."

"Ndiye iwe uli pa nthawi yanga?"

"Masiku atatu tsopano. Ndimati tili limodzi, osadziwa kuti tinaphonyana panjira."

Kamphepo anavula wotchi yake ija. Anakoka kachitsulo kam'mbali mwa wotchi ndi chikhadabo, nayamba kupukusa. Muvi wautali unazungulira kasanu ndi kawiri. Zinali zopepuka kwambiri moti anadzikwiyira.

Masiku awiri otsalawo anachita zonse zimene anauzidwa. Anadya pa nthawi ya anzake ngakhale m'mimba munalibe njala. Tulo tamasana tikamuzembera, Achemwali ankamumenya ndi thaulo lonyowa, akuti ndi ntchito imene anabwerera kuno kuposa kuponya chitsulo.

Tsiku la mpikisano kunacha bwino. Mfuti italira, Kamphepo anadzipanikiza pakati pa gulu, ndipo maulendo awiri oyamba ozungulira bwalo anamva ngati miyendo yake yabwerera. Belu la ulendo womaliza litalira anali wachitatu. Pokhota komaliza anaitana liwiro lija limene linamupatsa dzina, limene silinamukanepo chiyambire ali kusukulu. Linayankha, koma mochedwa, ngati munthu wodzutsidwa amene akufufuza nsapato. Mtsikana wina wamtali anamudutsa chakumanja patatsala masitepe asanu.

Wachinayi.

Anakhala pa kapinga, manja ali m'mawondo, akumva mtima ukugunda m'makutu. Akochi anafika, namuponyera jekete pamapewa. Sananene kuti ndinakuuza.

"Kunangotsala pang'ono," anatero Kamphepo.

"Kunatsala masiku atatu," anayankha Akochi, nakhala naye pansi pomwepo.

Fainolo anaionera pa mipando ya oonerera. M'mawa wa tsiku lobwerera anadzuka yekha sikisi koloko, mutu uli mbee, miyendo ikuyabwa kufuna msewu. Anaima pawindo akudziwongola, ndipo anauza Achemwali kuti thupi lake lafika tsopano.

Achemwali anali atakhalira chikwama kuti zipi itsekeke.

"Liuze lisavule nsapato," anatero. "Basi ya kubwalo la ndege ikunyamuka naini koloko."