Chipata cha Mayi Pascoe

Mayi Noeline Pascoe a ku Eromanga anali atakana kale: malole ogunda nthaka a kampani ya gasi sadzaponda pa busa lawo. Ng'ombe zinali ndi bere, ndipo iwo analibe nthawi yomvera za anthu a sukulu.

Bronwyn, mtsikana wa kampaniyo, anabweranso n'kuyala chithunzi cha miyala ya pansi pa nthaka pa boneti ya galimoto.

"Amayi, malolewo akagunda, phokoso limabwerera kuchokera pansi, ife n'kuona miyala. Penapake pali thanthwe lotsekera gasi ngati chivundikiro. Anthu akaliboola osadziwa, gasi amawaphulikira."

"Ndiye chioneni chivundikiro chanucho."

"Kwina konse taona. Koma apa poyerapa, pomwe tidzaboole, ndi pansi pa busa lanu. Sitikuonapo kanthu."

"Zanu zimenezo. Ng'ombe zanga zikapoloza mudzandiberekera ndinu?"

Bronwyn anapinda chithunzi chake. "Chabwino. Gulu la a Hogan, lomwe limatiboolera zitsime za gasi, lidzaboola mongoyerekeza."

Clint, mwana mmodzi yekhayo wa Mayi Pascoe, yemwe anamukalipira chaka chathunthu kuti asiye kugona masana akasake ntchito, anaipeza ntchitoyo kwa a Hogan omwewo. Ankaima pakamwa penipeni pa chitsime akamaboola.

M'mawa mwake malole anapeza chipata chili chotsegula, ng'ombe zitasamutsidwa kale, mayi ataima manja ali m'chiuno.

"Mwachedwa. Mugunde zenizeni, osati zosisita, ndipo mubwereze. Mukamaliza mundikonzere mpanda uwo."

Madzulo ake anauza aneba kuti kampani aipanikiza mpaka yagonja.