Penti wachikasu pa nyumba ya Mayi Vosberg

Telegalamu yonena kuti mchimwene wanga Wendell wafa ku nkhondo yolimbana ndi Ajeremani ku Falansa inatipeza tikupalira chimanga, mu Juni wa 1918. Abambo anaiwerenga ali chiimire, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la malaya, kenako anamaliza mzere umene anali atauyamba. Amayi anakagona kuchipinda n'kutembenukira kukhoma. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinkadikira misozi koma sinabwere. Ndinkadya, kukama ng'ombe, kugona. Kutchalitchi azimayi ankandikumbatira akulira, ine n'kumangoyang'ana zipewa zawo.

Patatha masabata awiri abambo ananditumiza m'tauni kwa azakhali anga a Lavinia, kuti ndisamangozungulira pakhomo. Azakhali ndiwo ankalumikiza matelefoni a dera lathu lonse. Makina ake anali pabalaza pawo, thabwa lalikulu lodzaza mabowo ndi zingwe. Munthu akaimba kabelu kankalira, iwe n'kumufunsa amene akumufuna, n'kulowetsa chingwe m'bowo la munthuyo. Anandiuza kuti ndikalumikiza anthu ndizichotsapo khutu, ngakhale iwo eni ake sankachotsapo.

Chaka chimenecho ku Iowa kwathu, ku Amereka, kunatuluka lamulo loti pagulu, m'tchalitchi ndi patelefoni munthu azilankhula Chingerezi chokha. Tonse tinkadziwa kuti akunena Ajeremani amene minda yawo inali kutsidya kwa mtsinje. Ambiri a iwo anabadwira konkuno, ndipo ena anaphunzira kalasi limodzi ndi Wendell.

M'mawa uliwonse seveni koloko ankaimba a Minna, mayi wachikulire wosaona amene ankakhala ndi mwana wawo kutali kumpoto. Ankafuna akulu awo, Mayi Hedwig Vosberg, amasiye okhala okha pafamu. Ankapatsana moni m'Chingerezi chothyokathyoka, kenako n'kulowa m'Chijeremani. Azakhali ankadziwa, koma nthawi imeneyo ndi imene ankakumbukira kuti khofi ali pamoto.

Tsiku lina anabwera Bambo Purdy, eni sitolo ya zitsulo, amenenso anali m'komiti yoona ngati anthu ali okhulupirika pa nkhondoyo. Anandipepesa za Wendell atagwira chipewa pachifuwa. Kenako anandifunsa ngati sindimvako zachilendo pa mawayawa.

Ndinawauza. Ndinatchula mayina onse awiri ndi nthawi yake. Sindinali wokwiya, ndipo Mayi Vosberg sanandilakwirepo kalikonse. Mawuwo anangotuluka monga mmene munthu amayankhira akafunsidwa kuti nthawi ili bwanji. Bambo Purdy anandisisita pamutu n'kunena kuti mchimwene wanga akananyadira. Atachoka, azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikatsuke makapu.

Loweruka masana amuna khumi ndi awiri anapita kwa Mayi Vosberg ndi zitini za penti wachikasu, penti amene masiku amenewo ankapaka nyumba za anthu owaganizira kuti ndi adani. Abambo anali nawo, ndipo ine ndinakwera nawo ngolo popanda wondiletsa. Tinapeza mayiwo akuyanika zovala. Bambo Purdy anawawerengera lamulo lija. Anawagwaditsa pansi kuti apsompsone mbendera, ndipo mayiwo anatenga nthawi kuti agwade chifukwa bondo lawo linali lotupa. Amuna awiri analowa m'nyumba n'kuzula telefoni pakhoma.

"Tipakenso nkhukuzi," anatero mnyamata wina, Dell Hascall. "Mumve mmene zikulirira, si Chingerezi chimenecho."

Anthu anaseka. Anapaka makoma, mawindo ndi masitepe. Abambo anapaka chitseko, pang'onopang'ono, mosamala, osadontheza, ngati mmene ankapakira khola lathu. Ine ndinakhala m'ngolo n'kumaonera. Ndimakumbukira kuti ndinali ndi ludzu.

Lolemba seveni koloko kabelu kanalira. Anali a Minna. Ndinawauza kuti telefoni ya akulu awo inachotsedwa. Sanamvetse, anangobwereza dzina lija, Hedwig, Hedwig, mpaka ndinazula chingwe. Lachiwiri anaimbanso, Lachitatu chimodzimodzi. Mwana wawo ankaopa kudutsa m'tauni, ndiye panalibe amene anawafotokozera.

Lachinayi sanatchule dzina. Anafunsa mawu awiri amene zikuoneka kuti anawakonzekera.

"Ali moyo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, n'kupeza kuti sindikudziwa. Chichokereni Loweruka lija panalibe amene anapitako. Ndinawauza kuti ndikaona, ndipo aimbenso mawa.

Ndinayenda wapansi mamailosi atatu. Nyumbayo inkaonekera patali. Mayi Vosberg anali ataima pa bokosi, akupala penti pawindo ndi mpeni wodyera, ndipo anali atangotsegula kamalo kongokwana chikhatho. Anandiona koma sanasiye.

Ndinawauza kuti ang'ono awo akuwafunsa. Kenako ndinati, "Ndine amene ndinakunenezani."

"Ndikudziwa," anatero. "Purdy ananena. Akuti mlongo wa msilikali."

Ndinaima pomwepo. Ndinkaganiza kuti andikalipira, ndipo mwina ndinkafuna atatero. Iwo anapitiriza kupala.

"Mchimwene wako ndinkamudziwa," anatero patapita kanthawi. "Ankaba maapulo anga."

Anatsika pa bokosi paja, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpeni wina. Sanandipatse m'manja, anangouika pasitepe. Ndinautola. Tinapala mpaka dzuwa litapendeka. Pentiyo ankachoka pagalasi, koma pamatabwa anali atalowerera.

Pochoka ndinafunsa zoti ndikawauze a Minna. Anati ndikanene kuti ali bwino, ng'ombe yabereka, bondo likuwawa monga mwa masiku onse. Kenako anagwedeza mutu n'kunena kuti Minna sangamve zonsezo m'Chingerezi, ndipo ngakhale atamva sangakhulupirire, aziti akungomutonthoza. Ndinawapempha kuti andiphunzitse m'chinenero chawo. Anandiyang'ana kumaso koyamba tsiku limenelo, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndinati ndikudziwa. Anandibwerezetsa mawuwo kakhumi, akundikonza lilime mosaleza mtima, ndipo ndinayenda ndikuwanena njira yonse.

M'mawa mwake kabelu katalira, azakhali anali atakhala pambali panga akusoka. Ndinalankhula Chijeremani changa chokhotakhotacho. Kumbali inayo a Minna anayamba kuseka, mwina kulira, sindinathe kusiyanitsa, n'kuyamba kulankhula zambirimbiri zimene sindinamvepo ndi liwu limodzi lomwe.  Azakhali anaika singano pansi, anazula chingwe okha, n'kunena kuti mawa ndizilankhula pang'onopang'ono.

Waya wa a Minna ankadutsa m'nyumba zina zisanu, ndipo m'nyumba iliyonse munali womvetsera. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika kwa Bambo Purdy, ndipo iwo anakaitula kwa abambo panja pa tchalitchi.

Abambo anandifunsa tili m'ngolo pobwerera kunyumba, maso ali pa mahatchi. Anafuna kudziwa ngati n'zoona, ndinavomera. Anandifunsa ngati ndaiwala amene anapha Wendell.

"Si Mayi Vosberg," ndinatero. "Ababa, a Minna amafuna kudziwa ngati mkulu wawo wadzuka. Basi."

Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo ndisakapondenso kumeneko. Ndinawauza kuti Lachiwiri ndipita. Sindinakweze mawu, ndipo iwonso sanakweze. Tinafika kunyumba, anamasula mahatchi, ndipo kwa mwezi wathunthu sanandilankhule china koposa za ng'ombe.

Palibe amene anabwera kudzapaka nyumba yathu. Pawindo pathu panali nyenyezi yagolide yosonyeza kuti tinataya mwana kunkhondo, ndipo komiti sinadziwe chochita nane. Atsikana anzanga anasiya kukhala nane benchi imodzi. Dell Hascall ankati akandiona amandipatsa sawatcha ya asilikali a ku Jeremani. Zinathera pomwepo. Ndinaona kuti chimene ndinkachita ine ndi chomwecho chimene anagwaditsira mayi wachikulire pafumbi, koma sindinapeze womuuza.

Ndinkapita kawiri pa sabata mpaka chisanu chitayamba. Ndinkatenga mawu uku kupita nawo uko, ena osawadziwa tanthauzo. Mawindo tinamaliza, chitseko tinachipala mpaka thabwa, makoma anatikanika. Nkhondo inatha mu Novembala. Mabelu analira tsiku lonse, amayi anadzuka n'kuphika chakudya chamasana, ndipo komiti ija inangozimirira. Bambo Purdy anayambanso kupatsa moni Ajeremani m'sitolo mwawo ngati kale.

Mayi Vosberg sanaikitsenso telefoni. Chisanu chitatha anagulitsa famuyo kuti akakhale ndi a Minna. Sananenepo kuti andikhululukira, inenso sindinawapemphe. Tsiku losamuka ndinathandiza kukweza mipando ndi bedi m'ngolo ya mwana wa a Minna. Mayi Vosberg anakwera kutsogolo atanyamula wotchi yapakhoma pamiyendo. Anandiuza kuti nditseke geti kuti ng'ombe za eni ake atsopano zisatuluke, kenako anauza mnyamatayo kuti ayendetse. Ndinatseka getilo n'kubwerera kutauni, chifukwa masana amenewo inali nthawi yanga yokhala pamakina.