Zikopa za Mbuzi kwa Kalilu

Sitima ya panyanja inachedwa masiku atatu. Si zachilendo. Ndinangokhala pa Nkhotakota, ine Filipo wa ku Limbe, munthu wosagona tauni imodzi kawiri ngati basi ilipo. Chaka chinali 1995. Aliyense anali ndi chipani chake. Aliyense anali ndi bizinesi m'mutu.

Kalilu, mwana wa pa Nkhotakota pomwepo, yake anali atayamba kale. Anagwirapo ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina ku Mombasa. Zaka zinayi. Anabwerako ndi tayi wakuda ndi nzeru imodzi: mzungu amalipira kuti aone. Anagulitsa bwato la malemu bambo ake, namanga chigafa cha udzu m'mbali mwa msewu wopita kudoko. Malo odyera, matebulo asanu. Kuseri kachipinda, pachitseko atalemba kuti nyumba ya zakale. Atamva kuti Chingerezi ndimachitha, anandikoka dzanja kuti ndimulembere timapepala tofotokoza katundu.

Katundu wake nayu. Birika lamkuwa la amayi ake, lobooka. Mfuti yagogodela yodyedwa ndi chiswe. Unyolo wa nangula, umene anati ndilembe kuti unkamanga akapolo. Ndinamufunsa ngati akapolowo anali njovu. Anati ndilembe basi. Kumapeto kwa shelefu, m'galasi, khadi la chipani chakale. Lomwe lija dzana sunkalowa mumsika usanalionetse. Ndinalemba zonse. Nsomba ankandipatsa ulere.

Koma mtima wa Kalilu unali pa chilole. Chilole cha alendo, chija cha mipando m'kati ndi mahema pamwamba, chinkadutsa kawiri pamwezi kuchokera ku Harare kupita ku Nairobi. Pa Nkhotakota chinkangomwa mafuta n'kumapita. Dalaivala wake, Bakari, anali wa ku Tanga. Kalilu anamunyengerera m'Chiswahili miyezi itatu. Potsiriza Bakari analola kuyesa kamodzi. Loweruka masana, maola awiri, chakudya ndi gule. Zikakoma aziima ulendo uliwonse. Zikavuta, Kalilu asadzamuimitsenso pamsewu. Popanda chilolecho, matebulo asanu aja ankakhalapo ndi ntchentche ndi ine.

Za gule, Kalilu anaitanitsa malipenga ku Dwambazi. Ndinawaonapo malipenga ku Chintheche. Ndi gule wa amuna, wotengera perete wa asilikali. Gulu lake amati boma, mtsogoleri amati Kingi. Amavina atavala zoyera mbuu: kabudula, malaya, sokosi zofika m'mawondo, tayi, nsapato zowala. Munthu amayamba kusita m'mawa. Kafumbi pa sokosi, Kingi amakutulutsa pamzere.

Kalilu anatumiza uthenga wakuti asavutike ndi masutikesi, zovala zatsopano zili kuno. Masiku amenewo andale ankagulira magulu a magule yunifomu pofuna mavoti. A ku Dwambazi anati mwayi wathu uja wafika. Anatumiza pepala la miyezo. Chiuno, khosi, nambala ya nsapato, munthu aliyense mzere wake. Kalilu pepalalo anayatsira mbaula.

Loweruka cha m'ma teni a ku Dwambazi anatsika pa matola. Amuna khumi ndi awiri, ng'oma yaikulu, thumba la malipenga a zipanda. Kingi wawo anali bambo Ellard. Wamtali, waimvi, kale kalaliki ku esiteti ya nzimbe ku Dwangwa. Anapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa ine. Kenaka anapempha zimene boma lililonse limapempha likafika kwa eni: chipinda chovalira, madzi osamba, simbi ziwiri ndi makala. Mayi Habiba, amayi ake a Kalilu, amene ankaphika pamalopo, anatulutsa zonse osafunsa.

Simbi zitatentha, Kalilu anabwera ndi chisaka. Anachikhuthula pansi. Zikopa za mbuzi. Zingwe za khonje. Kachitini ka mwaye wopaka kumaso. Fungo linafika kaye, maso pambuyo.

Bambo Ellard anayang'ana nthawi yaitali.

"Ada Kalilu, izi n'za yani?"

"Zanu, a Kingi. Mbuzi za pa Idi. Ndinayanika ndekha."

"Tikhalepo?"

"Muvale."

Wina kumbuyo anaseka. Anasiya msanga. Kalilu anayamba kuphunzitsa. Anati ku Mombasa amatero, ku hotela zonse zazikulu amatero. Mzungu sangawoloke nyanja kudzaona munthu wa tayi, tayi anamusiya kwawo. Akufuna Afirika. Analankhula ngati Afirikayo anamupeza yekha m'chisakamo.

Bambo Ellard anatulutsa kansalu m'thumba, napukuta zala, ngakhale sanakhudze kanthu.

"Zaka makumi anayi ndikuvina. Ndavinira ma DC, ndavinira abishopu. Thupi langa anthu analiona bondo lokha, pakati pa kabudula ndi sokosi. Lero ndikaonetse mchombo kwa anthu akudya?"

Kalilu anati awonjezera malipiro. Bambo Ellard anabwezera kansalu m'thumba. Kalilu anati chabwino, avine ndi zomwe avalazo. Bambo Ellard anati boma silivina ndi zovala zokwerera matola. Boma la ku Kanyenda likangomva, lipeka nyimbo, ndipo nyimboyo idzaimbidwa mpaka pa maliro awo. Kalilu anatembenukira kwa ine, akuti inu a m'tauni auzeni. Ndinati ine ntchito yanga ndi timapepala.

Mayi Habiba anali pakhomo la khitchini, chipande m'manja.

"Ndinakufunsa za zikopazo, iwe, unati n'zoyala. Agogo ako ankayenda muno ndi mkanjo wa ku Unguja. Mdzukulu akuveka alendo mbuzi."

Chilole chinafika thwelofu yeniyeni. Anatsika alendo khumi ndi anayi. Ofiira ngati nyama yowamba. Makabudula ong'ambika, mapatapata, tsitsi losaona chipeso chichokereni ku Harare. Pamalo ponsepo auve anali iwo. Ndinawalowetsa m'nyumba ya zakale atatuatatu, chifukwa anayi sankakwana. Mayi wina anafika pa unyolo wa nangula, nawerenga kapepala kanga, nalira. Misozi yeniyeni. Ndinayang'ana kudenga.

Chakudya chinalibe mlandu. Mpunga wa faya, chambo chootcha, tomato wa tsabola. Dzanja la mayi Habiba. Alendo anadya ngati akuthamangitsidwa. Bakari anadya payekha, maso pa wotchi. Itakwana wani anafunsa gule.

Kalilu analowa kuseri. Anatulukamo ali chifuwa pamtunda, chikopa m'chiuno, mwaye kumaso. Pambuyo pake Yakubu, mlonda wa pamalopo, munthu wa ana asanu, naye chimodzimodzi, akuimba ndowa. Kalilu anadumpha. Anakuwa. Anagwedeza ndodo ya tsache ngati mkondo. Gule ameneyo kulibe ku Nkhotakota, kulibe ku Mombasa, kulibe kulikonse kumene ndinafikako. Anthu ochokera kumsika anaima pampanda. Shehe wina wodutsa anatsika panjinga, nayang'ana, nakweranso. Alendo anajambula kawiri katatu n'kubwerera ku minga ya nsomba. Mmodzi anandifunsa dzina la guleyo. Ndinati sindikulidziwa. Tsiku lonselo mawu oona amene ndinauza mlendo anali amenewo.

Nthawi yomweyo a ku Dwambazi anali kunyamuka. Boma silichoka pamalo ngati anthu obalalika pa msonkhano. Bambo Ellard anawaika pamizere iwiri kuseri kwa khitchini. Anayendera mzere, nakonza kolala ya wina. Anathokoza mayi Habiba chifukwa cha madzi. Kenaka anakweza ndodo.

Ng'oma inagunda kamodzi. Ndowa ya Yakubu inangoti zii. Zipanda zinalira pamodzi, mawu okhuthala ngati njuchi mumphika. Sanavine. Ankangoyenda kupita kumsewu waukulu kukadikira matola. Koma phazi linali limodzi, phewa limodzi, khosi limodzi. Bambo Ellard patsogolo, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Mipando inagwa. Alendo onse anathamangira kumpanda ndi makamera, ena mpunga uli m'kamwa. Kalilu anatsala pakati pa matebulo, mwendo umodzi m'mwamba.

Bakari anawapeza pamsewu. Ndinatsatira, poganiza kuti pafunika womasulira. Sipanafunike. Chingerezi cha bambo Ellard chinali chosita ngati kabudula wawo. Anati apa sipovinira. Gule ali ku Dwambazi, yunifomu ili ku Dwambazi. Akafika apatsidwe maola awiri a simbi. Alendo akakhale pansi mwadongosolo, ndipo amuna akavale malaya. Bakari anayang'ana wotchi. Dwambazi inali panjira yake, mchenga womangapo mahema uliko. Mipando yopanda anthu inalipo. Anati kwerani.

Kalilu anafika akuthamanga, chikopa chikumumenya m'ntchafu. Anagwira chitseko cha dalaivala. Analankhulana m'Chiswahili, chimene ine sindimva. Mayi Habiba anali atafika, akupukuta manja. Anandimasulira mosabisa, mokweza, kuti a pampanda amve. Akuti Kalilu akufunsa za ulendo winawo. Akuti Bakari akuyankha kuti zikopa zotere amaziona malo asanu ndi limodzi asanafike ku Arusha, ndipo kwinako ovalawo amatha kudumpha. Akuti mpunga ngwabwino, apereke ulemu kwa amayi. Akuti kuyambira lero chilole chiziima ku Dwambazi.

"Za mpungazo wanena zoona," anatero mayi Habiba, nabwerera kukhitchini.

Chikwama changa chinali pafupi. Chimakhala pafupi nthawi zonse. Ndinafunsa Bakari ngati pali malo a munthu mmodzi. Analoza kumbuyo ndi chala chachikulu. Ndinakhala pakati pa ng'oma ndi mzungu wonunkha thukuta la mayiko atatu. Bambo Ellard anakhala kutsogolo, ndodo pamiyendo, akuuza wachiwiri wawo kuti akangofika atumize mawu kwa akazi awo, makala ayake.

Chilole chinanyamuka. Ndinasuzumira pazenera. Kalilu anali pakati pa msewu, mutu pansi, akulimbana ndi mfundo ya khonje m'chiuno. Yakubu anali ataimanga ngati akumanga bwato. Anthu a pampanda anali asanachoke.