Besi ya Malemu Pitala

Jasten anali atapala theka la msana wa besiyo pamene chigalasi chake chopalira chinakodwa pa kanthu. Anauzira fumbi la penti, napalanso pang'onopang'ono. Pansi pa penti wobiriwira, wonga uja amapaka zitseko za masitolo a amwenye, panatuluka kachigamba ka mlombwa kokhomedwa ndi timisomali tinayi ta nsungwi. Pa Balaka ponse panalibe mmisiri wina wokhoma gitala ndi nsungwi. Kachigambako anakakhoma ndi Jasten yemweyo zaka ziwiri zapitazo, mng'ono wake Pitala atagwa nayo besiyo pa njinga.

Jasten anali kalipentala wa ku njanji, koma Loweruka masana ankakhala pakhonde kupala magitala ndi mabanjo akutha, kuwakwecha ndi msasa wosalazira matabwa, n'kuwapaka vanishi mpaka munthu adzionerepo nkhope. Besi iyi, gitala yaikulu ya nsambo zinayi zonenepa, anabwera nayo Lachitatu munthu wina wogulitsa nsomba wa ku Chiuta, dzina lake Abdulrazak, ataimangirira pamwamba pa dengu. Anadandaula kuti penti waipha mawu, ikulira ngati ng'ombe ya chimfine. Atafunsidwa kumene anaitenga, anangoti anampatsa munthu, n'kuyamba kukamba za mtengo wa nsomba.

Pitala anali atamwalira miyezi isanu yapitayo ndi chifuwa chimene anabwera nacho ku migodi ya ku Wanki. Tsiku logawa katundu wake kunapezeka njinga, jekete, mabulangete awiri ndi sutikesi ya malata, koma besi sinapezeke. Mkazi wake Ida anayang'ana pansi n'kunena kuti sakudziwa kumene inapita.

Jasten anakhala chogwira chigalasi, nayamba kukumbukira. Pa maliro paja panali munthu wovala kofiya amene anaima yekha patsinde pa mango, wosadziwika kwa aliyense. Kodi sanali wamtali ngati Abdulrazak yemweyu? Ndipo Ida, namfedwa amene samayenera n'kudzuka pamphasa pomwe, sanatume mkazi wina kukampatsa madzi munthuyo? Nanga wopaka penti pa gitala yabwinobwino amabisa chiyani?

Mawa lake atatuluka mu tchalitchi anapalasa njinga mpaka ku Phalula, kwa amalume ake a Blasius, amene amayenera kutsogolera mwambo womusudzula Ida Loweruka lotsatira. A Blasius anamvetsera akutosa m'mano ndi kaudzu. Anati iwo anali ataona kale kuti mkazi uja analira mosafika pamtima, ndipo popeza zafika apa, kusudzula kulibe mpaka nkhaniyo ikambidwe pamaso pa ankhoswe. Jasten anawapempha kuti asauze munthu kaye. Iwo analonjeza, koma azakhali anali pambali pomwepo akusola nandolo.

Pofika Lolemba nkhani inali kuchitsime, yakuti Ida anali ndi mwamuna wa Chiyao mwamuna wake ali moyo. Pofika Lachiwiri chifuwa chija sichinalinso cha ku migodi, chinali cha mankhwala othira m'phala.

Lachitatu Jasten akuweruka anapeza Ida atakhala pansi pafupi ndi khonde lake, duku lakuda kumutu, mapazi ali mbuu. Anakana mpando. Anapatsana moni wa masiku onse, kufunsana za ana ndi za mvula, kenaka Ida anayang'ana besi imene inali itatsamira khoma, thabwa lake lili loyera ngati nkhuku yososola.

"Alamu, mukanabwera kudzandifunsa ine. Phalula yemweyo munafika, nyumba mukuidziwa."

Jasten anamukumbutsa kuti anamufunsa kale tsiku logawa katundu, ndipo iye anati sakudziwa. Ida anavomera kuti ananama. Anafotokoza kuti pentiyo anapaka ndi Pitala mwini wake, sabata zitatu asanamwalire, atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba. Anapaka masiku awiri chifukwa cha kutsokomola, ndipo anagwiritsa ntchito penti wotsala popaka chitseko. Kenaka anatumiza uthenga ku Chiuta kwa mnzake amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Wanki, kuti adzaitenge. Penti anali wakuti Jasten akadzaiona pa gule penapake asadzaizindikire.

"Andibisire ine? Chifukwa chiyani?"

"Mukufuna ndinene mawu ake enieni?"

"Nenani."

"Anati, achimwene musawapatse. Akaipala, akaipaka vanishi, akaipachika pakhoma ngati chithunzi cha woyera mtima, n'kumailirira. Ine ndikufuna ikavinitse anthu." Ida anakonza duku lake. "Ndiye inu mumafuna ndinene zimenezi tsiku lija, anthu ali bwalo lonse, inu maso ali otupa? Ndinati bola bodza."

Jasten anasinkhasinkha zimene anamvazo. Mawuwo anali ndi fungo la Pitala, amene ankaseka anthu ngakhale ali pamphasa ya matenda. Koma ndani sangathe kuyankhula m'mawu a munthu amene wakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri? Wakufa satsutsa. Anamuuza Ida kuti wamva, ndipo Ida poimirira anangoti madzi akatayika saoleka, koma Loweruka iye akakhala pamphasa kudikira, asudzulidwe kapena asasudzulidwe.

Lachisanu madzulo Abdulrazak anafika akuliza belu la njinga, ali wosangalala ngati munthu amene sakudziwa kuti dzina lake lili m'kamwa mwa mudzi wonse. Besi inali isanapakidwe vanishi. Jasten anamanga nsambo, namupatsa, nati aiyese amve ngati mawu abwerera. Ankamuyang'ana manja, ankamuyang'ana maso.

Abdulrazak anakhala pa chitsa, nakumbatira besiyo. Anakoka nsambo yonenepa katatu ndi chala chachikulu, kenaka anamenya thupi la gitala ndi chikhatho, n'kutsamira kumanzere ngati wina akumunong'oneza. Anakokanso katatu, namenyanso. Jasten anazindikira kaimbidweko. Pitala yekha ndiye ankaimba choncho, ndipo kutsamirako kunali chifukwa cha phewa limene anathyoka ali mwana. Munthu uyu anatengera ndi chilema chomwe, phewa lake lili labwinobwino. Zotere munthu satola tsiku limodzi.

Jasten anamufunsa amene anamuphunzitsa. Abdulrazak anasiya kuimba, nakamba za mnzake wa ku Wanki, Mkatolika wovuta amene ankamudzutsa yekha kuti akaswali, n'kumubisira nsapato pobwera. Anati zaka zinayi mnzakeyo anakhala akumuphunzitsa besi pa khomo la komponi ya ku mgodi, akumutukwana kuti zala zake n'zowedzera milamba basi. Anapita ku maliro ake koma anaima patali, posadziwa miyambo ya Akhristu.

"Analibe abale mnzanuyo?"

"Anali nawo achimwene ake, amati ali ku njanji, kaya ku Limbe kaya kuti. Amati manja awo ndi odalitsika, thabwa lakufa amalidzutsa. Koma kuimba iyayi, amaopa kudetsa vanishi." Abdulrazak anaseka, kenaka anayang'ana nkhope ya Jasten, nayang'ana m'nyumba kudzera pakhomo, m'mene munali magitala asanu olendewera pakhoma, onyezimira, ena opanda nsambo. Kuseka kunamuthera. Anaika besi pansi mosamala, nagwira pakamwa.

Jasten anamuuza kuti adzaitenge pakatha milungu iwiri, vanishi akauma. Sanamuuze zimene zinkanenedwa ku Phalula. Munthuyo atapita, anakhala pakhonde akudzifunsa ngati kudziwa kuimba ngati Pitala kumatsuka munthu pa zina zonse. Sikutsuka ayi. Koma atafufuza mumtima kuti apeze chimene iye anaonadi ndi maso ake, anapeza kachigamba ka mlombwa ndi chikho cha madzi choperekedwa kwa mlendo pa maliro. Zina zonse anazipala yekha m'mutu mwake.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo la kwa Ida kuposa mmene amadzazira pa kusudzula wamba. A Blasius atayamba kuyala nkhani, Jasten anaimirira n'kupempha kuti ayankhule. Ananena kuti besi anapereka ndi malemu mwini wake kwa mnzake wa ku migodi, ndipo kuti iye analakwa kuthamangira kwa amalume asanafunse mlamu wake. A Blasius sanakondwe. Anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo anafunsa kuti ngati n'zoona, mwana uja angadumphe bwanji mkulu wake wa bere limodzi, mmisiri wa magitala, n'kupatsa munthu wa kunja.

Ida anali atawerama pamphasa. Jasten anayang'ana pamwamba pa mitu ya anthu.

"Chifukwa amandidziwa, amalume. Anati ine ndikaipachika pakhoma n'kumailirira. Sananame."

Wina kumbuyo anaseka, mnzake namugwira. A Blasius anatsokomola, nanong'onezana ndi ankhoswe, ndipo mwambo unachitika mwachangu. Ida anamasulidwa dzuwa lisanapendeke. Koma azimayi amene anabwera kudzamva za mankhwala a m'phala anabalalika awiriawiri akunong'onezana, ndipo Jasten anadziwa kuti nkhaniyo apita nayo, mawa ikhalanso kuchitsime.

Akutulutsa njinga anapeza Ida pafupi ndi nkhokwe. Anamufunsa ngati angamabwerebe kudzaona ana a mng'ono wake.

"Ana ndi anu, muzibwera," anatero Ida. "Koma muzifikira panja. Ndizikutulutsirani mpando."