Kameta wa a Daka

Pamene Jennipher anafika ku khola, atate ake aang'ono, a Wilbroad, anali atatulutsamo kale nkhuku zinayi. Azimai awili a kwaya anali kuzisosola kuseli kwa nkhokwe, nthenga zoyela zili mbwee pansi ponse.

"Wabwela bwino," anatelo a Wilbroad, akupukuta mpeni pa udzu. "Kiyi sindinamuone, ndachita kuzula msomali. Izi ndi za adzukulu amene akukumba kumanda. Zotsalazo tiphe madzulo ano, kuti mailo poika malilo anthu adye bwino."

Jennipher anayang'ana nthenga zija. Atate ake, a Vitalis Daka, anali atagwa m'dimba tsiku lapitalo akuthilila matimati, ndipo pofika nao ku chipatala cha ku Minga anali atatsilizika kale. Chiyambile nthawi imeneyo mtsikanayu anali kungolila, moti za khola anali ataziiwala.

Tsono nkhuku zimenezi kwa Jennipher sizinali ndiwo ayi. Mwana wa anthuyu anatsiliza koleji ya uphunzitsi kalekale, koma ntchito inangomudumpha chaka ndi chaka. Zaka zake zinali kukankhila ku makumi atatu, koma anali kugonabe m'chipinda chimene anakulilamo, ndipo sopo akatha anali kupempha kwa atate ake ngati mwana wa giledi seveni. Anayesapo salaula, malonda a zovala zakale, koma belo linatuluka majekete okhaokha, mu Okutobala! Chaka chino analima yekha nshawa, nazigulitsa, nagula anapiye achizungu. Amai ena a lesitilanti ku Nyimba anali atalonjeza kutenga zonse sabata yotsatila, ndi kuti zikakhala zabwino azitenga mwezi uliwonse. Jennipher anali atakaona kale kachipinda ka lendi pa boma, ka zenela limodzi, kamene kanati kadzakhale kakekake.

A Daka anali kumuseka tsiku lililonse. "A manejala, mwauka bwanji? Nkhuku zanu izi zimadya ngati alendo. Kabawi atabwela zingamupatse moni!" Iwo anali kukonda nkhuku zao za kameta, zija zopanda nthenga m'khosi, zimene Jennipher anali kunena kuti zimaoneka ngati zathawa m'madzi otentha. Koma a Daka omwewo ndiwo anachotsa njinga yao m'kanyumba kuti mukhale khola, ndipo m'mawa uliwonse anali kutungila madzi anapiyewo, akung'ung'udza njila yonse. Akamakokola manyowa kupita nao kudimba anali kunena kuti akutolela lendi.

"Atate," anatelo Jennipher motsitsa mau, "izi zili ndi ozigula kale."

"Mwana wanga, ndikudziwa," anayankha a Wilbroad. Maso ao anali ofiila, pakuti anachoka ku Lusaka atangomva uthenga ndipo anali asanagone. "Koma taona anthu awa. A ku Kaumbwe afika, a ku Ndake ali m'njila. Mbuzi zinatha ndi matenda, akameta a atate ako angotsala atatu. Ukufuna anthu akanene kuti a Daka tinawaika ndi kabichi? Mkulu wanga amene anandiphunzitsa sukulu?"

Jennipher akanakana bwanji, malilo ali a atate ake omubala?

Pansi pa mtengo wa mango, pamene panakhala azibambo, panali mkulu wina woonda, a Alberto, mmodzi wa anthu amene anabwela kuchokela ku Mozambique nthawi ya nkhondo nakhazikika konkuno. Anamvetsela zonsezo. Kenaka anaimilila, nakwela njinga yao, ulendo, osatsazika munthu.

"Taonani uyo," anatelo a Wilbroad mokhumudwa. "Amati anali bwenzi la pamtima la mkulu wanga. Malilo tisanaike n'komwe!"

Jennipher analowa m'nyumba, nadutsa pakati pa miyendo ya azimai, nakagwada pafupi ndi amai ake, a Anastazia, amene anatsamila khoma atafunda chitenje kumutu. Anawanong'oneza zonse.

"Mayo ine," anatelo amai ake. "Atate ako akanakalipa mpaka malata kugwedezeka. Koma ine lelo ndilibe pakamwa, mwana wanga. Wamasiye satuluka kukalimbana ndi alamu ake chifukwa cha nkhuku." Anamusisita kumutu ngati kamwana. "Ukakana, ine sindidzakuimba mlandu. Ukalola, udzakhalabe pano ndi ine, tidzadya zimene zilipo."

Mau amenewo ndiwo anamupweteka koposa. Kukhalabe pano, inde, koma tsopano wopemphedwa sopo uja anali atapita.

Anatuluka nakakhala m'khola, pa utuchi. Nkhuku zinamuunjilila, zonenepa, zopusa, zikujompha zala zake. Pakona panali mbaula imene atate ake anali kukolezela anapiye m'nyengo yozizila, ndi chigubu chao chachikasu chotungila madzi. Jennipher analila, ndipo sanadziwe ngati akulila atate ake kapena nkhuku, zimene zinamuchititsa manyazi kwambili.

Dzuwa litapendeka anatuluka, napita kwa a Wilbroad.

"Atate, ndipatseni mpeni. Ngati n'kupha, ndiyambe ndine. Malemu anali kuzitungila madzi, azidye anthu ao."

A Wilbroad anamuyang'ana, namupatsa mpeniwo ndi manja awili.

Anali atangogwila yoyamba, mapiko ataponda ndi phazi, pamene kumsewu kunamveka phokoso. Sikunali kulila kwa anthu ofika pamalilo ayi. Kunali kukokoliza ndi kutetela, ngati msika wa Loweluka wasamukila pakhomo pa a Daka. Patsogolo panali a Alberto akukankha njinga, dengu lalikulu litamangidwa pa kaliya. M'mbuyo mwao munali mzele wa anthu, azimai ndi azibambo, wina nkhuku m'khwapa, wina ziwili zomanga miyendo, amai ena okalamba atabeleka tambala kumsana m'chitenje. Atafika pabwalo anayamba kulila malilo monga mwa mwambo, nkhuku nazo zikuthandiza, moti ngakhale a kwaya analephela kudzigwila.

Jennipher anayang'anitsitsa. Nkhuku zonsezo zinali za kameta, makosi ofiila ali pamtunda.

"Siyani iyo, mwana wanga," anatelo a Alberto, akupuma mwa befu. "Ibwezeni m'khola. Ndiwo zafika."

"Bambo, n'chiyani chimenechi?" anafunsa a Wilbroad.

A Alberto anatsamilitsa njinga pa nkhokwe. "Ine ndinafika kuno ndi malaya okhaokha ndi mkazi wapakati. Ndinabwela kudzapempha ganyu pakhomo pano, atate anu akali moyo. Ganyu panalibe. Koma pobwelela, mkulu wanu Vitalis ananditsatila kunjila, msoti wa kameta atabisa m'jekete. Anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wakeyu, nayenso akudyela pa makolo, alibe kanthu. Anati, 'Iyi osadya, ngakhale njala ikupweteke bwanji. Ikaswa, upatseko mnzako msoti umodzi, umuuze zomwezi.' Ine ndinapatsa a Felista awa. A Felista anapatsa ena. Kwathu kuja palibe khomo limene mulibe mdzukulu wa nkhuku ija. Ena ana anaphunzila nazo, ena mbuzi anagula nazo."

A Wilbroad anakhala pansi pa mtondo umene unali pafupi. Anagwila kumutu, ndipo mapewa ao anayamba kugwedezeka. Anthu anaganiza kuti akulila, ndipo analidi kulila, koma anali kusekanso.

"Vumbwe!" anafuula. "Anati inagwidwa ndi vumbwe! Msoti umenewo unali wa amai athu. Tinachita kutchela misampha mwezi wathunthu, ine ndi iye, iye ali patsogolo kundionetsa mapazi a vumbweyo. Ha, Vitalis iwe, wabodza iwe!"

Kuseka kunafalikila pabwalo mpaka kunalowa m'nyumba, ndipo kunamveka mau a amai Anastazia akufunsa kuti kwagwanji. Atawafotokozela, anati, "Ndi yemweyo mwamuna wanga," nayambanso kulila mokweza.

"Koma bambo," anatelo Jennipher, "si paja anati osadya?"

"Ee, anatiletsa zaka zonsezi," anayankha a Alberto. "Lelo tidya, atikalipile kumeneko akafuna."

A Wilbroad anapukuta m'maso, nanyamuka. Anatenga okha nkhuku yoyela ija pansi pa phazi la Jennipher, naibweza m'khola. Kenaka anatola mwala, nakhomelanso msomali umene anazula m'mawa, nauyesa kawili ngati walimba.

"Zinayi zija undikhululukile, a manejala," anatelo osacheuka. Jennipher anadzidzimuka, pakuti mau ao anamveka ngati a atate ake enieni.

Mailo lake anaika malilo, ndipo anthu anadya mpaka ana ananyamula miyendo ya nkhuku m'matumba. A ku Kaumbwe anapita akunena kuti malilo otele anali asanawaone.

Anthu atayamba kubalalika, Jennipher anatenga chigubu chachikasu chija kupita kumjigo. Pobwela anapeza a Alberto akumudikila pakhomo pa khola, atafukata kamsoti kamodzi kamene sanakapeleke kwa ophika. Kanali koonda, khosi lofiila lili psuu, konyansa kuposa akameta onse amene anawaonapo.

"Iyayi bambo, mwachita kale zambili," anatelo Jennipher, akutula chigubu.

"Nanenso ndinakana chonchi," anatelo a Alberto.

Anakaika kamsotiko m'manja mwake, ndipo anaphimba manja a mtsikanayo ndi ao, nawafinya kuti asathe kubweza.

"Atate ako anandigwila motele, panjila paja, mpaka ndinasiya kukana. Iyi osadya, mwana wanga. Ikaswa, upatseko wina."

Jennipher anamva kamtima ka nkhukuyo kakugunda m'zikhatho zake. Sanabweze. A Alberto anagwilabe manja akewo kanthawi, kenaka anawasiya, nakatenga njinga yao.